Anandichotsa mu gulupu yanga

Ni Misozi, mwana wanga woyamba, amene wandikakamiza kuti ndifotokoze nkhaniyi, ati ena aphunzilepo. Ine ndikanakonda kuikwilila, chifukwa mpaka lelo ndikadutsa pa maliketi ya Kabwata anthu amayamba kutsokomola.

Ine ndimagulitsa nkhuku za kumudzi. Mlamu wanga amazikweza basi ku Katete, ine nkukazilandila mu tauni. Makasitomala anga ni ma madamu a ku Woodlands na ku Kabulonga. Ndinawapeza movutikila, geti na geti, agalu akundiuwa (wina anandidyela chitenge chatsopano, koma imeneyo ni nkhani ina).

Tsiku lina Misozi wabwela kuchoka ku nchito, ati, "Ba mami, muwaona ma taksi aja timaitana pa foni? Eni kampani alibe olo motoka imodzi. Amangokumanitsa dilaiva na munthu, iwo nkudyapo pakati. Imwe muli na ma madamu, anzanu ali na katundu. Khalani pakati."

Ananditsegulila gulupu pa foni. Ndinaikamo ma madamu onse, kenako azimai a ku chechi: wa chikanda, wa tinsomba ta kapenta, wa nshawa. Zinayenda! Madamu akafuna chikanda amalemba, ine nkuuza mwini wake, kangachepe nkutsala kwa ine.

Manje vuto linabwela na liu lakuti adimini. Limatanthauza mkulu wa gulupu, ndipo linali pa dzina langa lokha. Ku chigwilizano Lachinai, Amai Busa anandigwila dzanja, ati, "Amake Misozi, taona mwakwezedwa."

Manyazi! Ine kukhala mkulu Amai Busa alipo? Ndinawapatsa uadimini pomwepo. Nanga ba Tembo a ku Chelstone, amene ni akulu kwa ine, ndiwasiye? Ndinawapatsa (ndinaiwalako kuti nawonso amagulitsa nkhuku). Wa chikanda anayamba kundiyankha moni na mphuno, nayenso ndinamupatsa. Posachedwa tinali ngati minibasi ya makondakitala okhaokha.

Malamulo anayamba kugwa. Madamu azilemba yekha kwa wogulitsa. Ma voisi aatali, mauthenga ojambula mau aja, ayi. Apo amanena ine, chifukwa ine sindingayambe na nkhuku ndisanafunse ana na BP ya abambo.

M'mawa wina ndatsegula foni, gulupu zii. Ndinaganiza kuti ma bando a intaneti atha. Misozi anayang'ana, nkukhala pansi na kuseka. "Ba mami, akuchotsani!"

Ndinakwela basi mpaka ku Chelstone. "Ba Tembo, gulupu ija ni yanga."

"Inali yanu, amake Misozi. Munaphwanya lamulo la ma voisi. Komiti ikakhala tikuuzani. Mumwa tiyi?"

Tikulankhula choncho, pa geti dilaiva wa madamu wanga wa ku Kabulonga anali kulonga nkhuku za ba Tembo m'buti. Anandipatsa moni bwinobwino, mwana waulemu.

Komiti inandibwezela, koma ngati membala wamba. Nkhuku zanga ndimaloledwa kuika Lachisanu, za ba Tembo zikatha. Misozi ati makampani aja amalola aliyense kulowa, koma makiyi sapatsa munthu. Mwana uyu ananena mochedwa.

Ndiye azimai anzanga, munthu wamkulu mupatseni mpando, mugwadileni, koma batani ya uadimini ayi. Tumizilani ena nkhaniyi, koma chonde isafike mu gulupu muja. Ndili pa chenjezo lomaliza.