Vaselini wa Mayi Nachisale ndi Botolo Nambala Seveni

Nkhani iyi ndikanaikwirira, koma poti inalembedwa kale mu lipoti n'kutumizidwa kumayiko ena, ndiloleni ndiinene ndekha.

Ndimagwira ntchito mu labotale ina kuno ku Glasgow. Kuyambira kale, pofuna kudziwa ngati mankhwala ena amawotcha khungu la munthu, amameta kalulu pamsana n'kumudonthezera mankhwalawo. Ife tikuyesa njira ina: khungu lokulitsidwa m'timbale, kachidutswa kalikonse kongofanana ndi batani la malaya. (Inde, ine amene ndinakula ndikukumba mbewa ku Dedza, lero ntchito yanga ndi yopulumutsa nyama. Kumudzi ndimangoti ndimagwira ntchito kuchipatala.)

Kuti njirayi ivomerezedwe, malabotale atatu, yathu ndi ena awiri, amalandira mabotolo ofanana a mankhwala, opanda mayina, manambala okha. Zotsatira zikafanana konseko, njira yapambana. Zikasiyana, akalulu apitiriza kumetedwa. Ineyonso miyezi yondiyesa pantchito inali isanathe.

Inali Januwale. Mphepo ya pasiteji ya basi ku Dennistoun inandisandutsa mbuu. Lamulungu lina kutchalitchi ku Maryhill, Mayi Nachisale, amene amatiyang'anira tonse ochokera kumudzi ngati ana awo, anandikokera pambali.

"Achimwene, nkhopeyi bwanji? Ngati mwagwera m'thumba la ufa. Anthu aziti ku UK kuno tikuvutika."

Anandifumbatitsa botolo la vaselini. Ndikanakana bwanji? Ndinayamba kudzola mopanda chisoni, m'mawa uliwonse, mphumi kuchita kunyezimira.

Zotsatira zoyamba zitatuluka, malabotale awiri aja anagwirizana kuti botolo nambala seveni ndi lowotcha. Yathu yokha inati ndi labwinobwino, mutha kusambitsira khanda.

Bwana wanga, Dokotala Moira, mayi wa konkuno wosadziwa kukalipa (amenewo ndiwo oopsa), anati tifufuze. Palibe amene anafufuza mwakhama kuposa ine. Ndinaloza chala makina ofunditsira timbale tija. Wokonza anabwera, anapeza ali bwinobwino. Ndinaloza madzi. Kenaka ndinanong'oneza abwana kuti mnzanga Callum amagwira ntchito mothamanga. Mwana wa eni ake anamubweza kukaphunziranso sabata yathunthu. Ndinamutsanzika ndi mawu olimbikitsa.

Tinabwereza, Callum kulibe. Seveni anatulukanso wosalakwa.

M'mawa mwake Dokotala Moira anakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwanga kuti aone mmene ndimagwirira ntchito. Ndinavala magolovesi. Magalasi anga anatsetsereka (pamphuno ya vaselini magalasi sakhazikika). Ndinawakankha ndi chala, n'kutola kansalu kakang'ono kamene timayala pakhungu lija kuti mankhwala afalikire bwino.

"Imani pomwepo," anatero.

Anatenga pepala, nati ndidindepo chala. Ataliunika pawindo, linkaoneka ngati lokulungira mandasi.

"Mumachita zimenezi kangati?"

"Magalasi akatsika."

"Amatsika kangati?"

"Chiyambire Januwale sanakhazikikepo."

Anandifotokozera modekha zimene ndinkazidziwa kale: mafutawo ankatchinga khungu, mankhwala amadzimadzi ngati seveni osalowa. Kunena mwachidule, milungu yonseyi ndinali ndikudzoza vaselini khungu la kafukufuku, ndipo linkayamikira. Ndinachita manyazi mpaka kulakalaka pansi patatseguka.

Chovuta kwambiri chinali kupepesa Callum. "Palibe kanthu, mnzanga," anatero. Mpaka lero tiyi amapangira aliyense kupatula ine.

Ntchito sanandichotse, anangowonjezera miyezi yondiyesa. Ulendo wachitatu zotsatira zinafanana konseko, koma titachedwetsa anzathu miyezi ingapo. Zimenezi zimandiwawa ndithu, chifukwa miyezi imeneyo kwinakwake kunali akalulu amene anametedwa chifukwa cha mphumi yanga.

M'buku la malamulo a njirayi anawonjezeramo mzere: woyesa asadzole mafuta alionse kumaso kapena m'manja asanalowe m'chipinda choyesera. Dzina langa mulibe, Dokotala Moira ndi munthu wachifundo. Anangondipatsa ntchito yophunzitsa obwera kumene, ndiye mzerewu ndimauwerenga ndine, mokweza.

Mwezi watha mtsikana wina watsopano anaseka. "Koma ndani angachite zimenezi?"

Callum anali pakhomo, kapu yake m'manja, akudikira yankho.

"Anthu ena ndi osasamala," ndinatero, n'kutsegula tsamba lotsatira.