Moni Umene Ndinausiya ku Skotilandi

Iwe wa kapusi yofiira, ndakuona ukukodola mnzakoyo. Seka ndithu, mano ndi ako. Koma basi ya ku Liwonde isanafike pano pa Songani ukhala utadziwa kuti dzanja ili, limene mwalilandira ndi nsonga za zala ngati lili ndi mphere, linaimitsapo dziko la azungu masiku atatu. Ndikanama ndine galu.

Munali m'zaka za m'ma 80, ndili mnyamata wa kwaya, ndevu zikungoyamba kumera. Ku tchalitchi kwathu ku Domasi kunabwera uthenga woti ku Skotilandi kuli msonkhano wa achinyamata achikhristu a dziko lonse lapansi, ndipo akufuna anthu odzipereka okathandiza ntchito. Abusa athu, mkulu wokalamba wosaseka wamba, anasankha ine Layisoni. Pondiperekeza anandigwira khutu nkunena kuti, "Kukangobwera kalata yodandaula za iwe, ndidzaiwerenga Lamulungu pamaso pa mpingo wonse, mayi ako ali pabenchi la kutsogolo." Ine ndege sindinaiope, kuzizira sindinakuope. Ndinkaopa kalatayo.

Kumeneko woyang'anira odzipereka anali mayi wamtali wovala mawotchi awiri, ina yoonera nthawi, inayo yoonera ngati inzakeyo ikuchedwa. Anzanga anawatumiza kotsuka mbale, ine anandiika pakhomo la holo. Akuti munthu akafika umupachike kakhadi ka dzina pachifuwa, unene kuti welokamu, adutse. Basi! Munthu wachoka kutali, wawoloka nyanja zingapo, ndiye umukankhire mkati ngati thumba la chimanga kuchigayo? Ine sindinaleredwe choncho.

Woyamba anali mnyamata wa ku Koreya. Ndinamugwira ndi manja awiri, mawondo nditapinda pang'ono, nkumufunsa mmene wadzukira, mmene wayendera, kunyumba wasiya kuli bwanji, mayi, bambo, amalume, mvula yagwa bwanji chaka chino, mbuzi zikuswana kapena ayi, ndipo atayankha zonsezo ndinaima chilili kudikira kuti nayenso andifunse za ku Domasi, chifukwa moni wa mbali imodzi si moni. Mukumva? Pofika masana ndinali nditalowetsa anthu asanu ndi mmodzi, onse akumwetulira, wina akupukuta misozi poti zaka zonsezi palibe amene anamufunsapo za mayi ake.

Koma mzere wa anthu odikira kulowa, abale anga! Unatuluka pageti, unatsika chitunda, unazungulira tauni kawiri, unatseka njanji moti sitima zinaima, unakalowa m'nyanja mpaka a kumapeto anaima m'maboti atagwirana malaya kuti asataye malo, ndipo ena anadziwana pamzere pomwepo, kufunsirana, kumangitsa ukwati, moti pofika kwa ine ndinkafunsanso kuti mwana ali bwanji. Mlaliki wamkulu analalikira mipando yokhayokha masiku awiri, ndipo ndinaona ndi maso angawa mipando itatu ya kutsogolo itagwada.

M'mawa wa tsiku lachitatu mayi uja anabwera nkhope ili psuu. Anati, "Holo iyi ikapanda kudzaza belu la naini koloko lisanalire, ndilemba kalata kwa abusa ako." Eee! Ndinawaona mayi anga pabenchi paja ataweramitsa mutu, amayi a Mvano akuwayang'ana cham'mbali. Ndinachita mantha, sindibisa. Koma kudutsitsa mwana wa munthu osamupatsa moni, zimenezo ayi.

Pamenepo ndinakumbukira mmene tinkapatsirana njerwa pomanga tchalitchi chathu, kuchokera pauvuni mpaka pakhoma, wina osasuntha phazi. Ndinagwira dzanja la amene anali kutsogolo, nkumupatsa moni wathunthu, wa amalume ndi mbuzi zomwe, nkumuuza kuti aupereke kwa wa kumbuyo kwake. Mukumva? Moni unanyamuka, manja akuwombana phaphapha ngati mvula padenga la malata, unatuluka pageti, unatsika chitunda, unazungulira tauni kawiri, unadumpha njanji, unakafika kumaboti, ndipo yankho linabwerera la anthu onse pakamodzi, m'Chichewa chomveka bwino kuposa chanu, lakuti tili bwino kaya inu, mpaka magalasi a mawindo onse a holo anathetheka, nkhunda zinagwa padenga, mawotchi awiri aja anaima pa faifi tu naini, woliza belu anakomoka chingwe chili m'manja. Anthu analowa mwa ulemu wawo, holo inadzaza thoo, belu lisanalire.

Ndipo moniwo sunathere pamenepo. Wa kumapeto m'boti anaupereka kwa msodzi, msodzi kwa woyendetsa sitima ya pamadzi, ameneyo kwa wonyamula katundu ku Dalesalamu, ameneyo kwa dalaivala wa lole, ndipo mayi anga akugula matemba pamsika uwu, apo pali njinga yobiriwirapo, wogulitsa anawagwira ndi manja awiri nkuti, "A Layisoni akuti mwadzuka bwanji." Ine ndinali ndisanakwere nkomwe ndege yobwerera.

Tsono poti mwasiya kuseka, ndikuuzani ndi ichi chomwe. Kalata ija inabwerabe. Mwina inali ya magalasi aja, mwina ya zina, sindidziwa. Lamulungu abusa anaikweza m'mwamba, mayi anga ali pabenchi la kutsogolo, ine thukuta lili kamukamu mpaka m'nsapato. Anavala mandala, anayang'ana pamwamba pa pepala, analitembenuza, anakutumula envelopu. Kenaka anati, "Kalata iyi yangoyamba ndi nkhani. Mulibe muli bwanji, mulibe kuno tili bwino. Munthu wamkulu sangalembe choncho, ndiye kuti tsamba loyamba linatsalira m'njira. Tidikira lifike, tidzawerenge zonse pamodzi." Anaipinda nkuitsekera m'kabati.

Abusa aja anatisiya. Mayi anga anatisiya akunyadirabe mwana wawo amene anawatumizira moni kudzera pa matemba. Tsamba loyamba lija mpaka lero silinafike, ndipo ine ndimagona tulo tabwino.

Basi yako ndi iyo, wa kapusi yofiira. Koma sukwera usanandiuze. Bweretsa dzanjalo kuno, onse awiri. Kunyumba wasiya kuli bwanji?