Ndibwezereni Katoni Yanga Yopondapo

Kwa Bwana Mkulu Woona za Umoyo wa Antchito,

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndine mmodzi wa amayi amene timalowetsa mayina a makasitomala mu kompyuta, m'chipinda chija cha pansi pa masitepe. Nkhope yanga simungaidziwe, koma tsitsi langa munalionapo, chifukwa ndi lokhalo limene limasuzumira pamwamba pa desiki mukamadutsa. Ndalemba kuti ndithokoze, poti anandilera kuti munthu akakuchitira zabwino usamangoti zii.

Choyamba, zikomo chifukwa cha madesiki ndi mipando yatsopano. Tinamva kuti kalipentala atabwera kudzayeza, munadzipereka nokha kuti akuyezeni m'malo mwa tonsefe, poopa kutisokoneza ntchito. Mtima wotere ndi wosowa. Kungoti inu Mulungu anakupatsani msinkhu woti polowa pakhomo mumawerama, pamene ine anandigawira zotsala. Ndiye lero ndimakhala pampando wa muyezo wanu, wosatsika ndi wosakwera, mapazi ali lendee ngati mwana wa kumkaka, zigongono zili m'mwamba, nkhope itayang'ana kudenga kumene kuli sikirini. Alendo amaganiza kuti ndikupemphera, ndipo nthawi zambiri sakhala atalakwitsa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha katswiri uja munamuitana kuti atiphunzitse kakhalidwe ka pampando. Anati mapazi azigunda pansi, sikirini izilingana ndi maso, mkono uzipuma pa desiki. Tinamumvetsera titaimirira, poti mipando ya mu holo inali ya alendo. Mnzanga wa desiki yoyandikana, amene timamutcha Pakamwa, anafunsa kuti nanga amene mapazi ake safika pansi atani. Munamuyankha kuti chachikulu ndi kusintha maganizo. Ndasintha maganizo kangapo konse, bwana, koma miyendo yanga ikadali yomweyi.

Chithunzi cha munthu wokhala bwino pampando chimene katswiriyo anatisiyira munachikhoma nokha, molingana ndi maso anu. Amene anayesa kuchiwerenga mpaka kumapeto akuyendabe khosi litauma gwa.

Apa ndi pamene ndinadzichitira mwano. Ndinatola katoni yotha mapepala, n'kuidzaza manyuzipepala akale, n'kuiika pansi pa mapazi. Kunyumba ndinatenga pilo wokhalira kuti ndikwereko pang'ono. Bwana, phewa linatsika, khosi linamasuka, ndinayamba kuweruka ngati munthu. Koma diso lanu siliphonya. Tsiku lija munayendera maofesi ndi alendo, munaona katoniyo n'kunena kuti kuno si kumsika. Pofika masana, katoni ndi pilo zinali zitatsekeredwa m'chipinda chosungiramo katundu. Zikomo chifukwa choteteza mbiri ya kampani kwa katoni.

Tsopano ndikuuzeni za dzanja langa lamanja, si kudandaula ayi, kungokudziwitsani za katundu wanu. Ululu unayambira m'khosi, n'kutsikira paphewa, kenako zala zinayamba kuchita dzanzi. Nditagwetsa kapu yoyamba, bambo akunyumba anaseka, amvekere kapuyo inali yonyasa kale. Apongozi anga anati akazi a masiku ano n'zoona, munthu kudwala chifukwa chokhala pansi. Ndinaseka nawo.

Sabata yatha sitinaseke. Ndinkamuvuula mwana wanga m'beseni, kamtsikana kongoyamba kumene kukwawa, thupi lonse sopo. Dzanja linangomasuka lokha osandiuza. Bambo ake ndi amene anamuwakha mutu usanagunde simenti. Kuyambira tsiku limenelo amamusambitsa ndi iwo. Ndikamalowa m'nyumba madzulo, mwanayo amakweza timanja take kuti ndimunyamule, ine n'kumanamizira kuvula nsapato mpaka ataiwala. Zimandiwawa kuposa phewalo, bwana, ndipo ndikumuopa mwana wanga yemwe.

Adokotala akuti mtsempha ukupanikizika, ndipo ndikapitiriza kukhala mmene ndikukhaliramu dzanjali lipitiratu. Nkhaniyi itakufikani simunazengereze. Munatigawira tonse timipira tofinya, tokhala ndi chizindikiro cha kampani. Zikomo kwambiri. Kangako ndikulephera kukafinya, koma mwana akukakonda, akumakaluma.

Ndikuyamikireninso pa satifiketi ili pa risepushoni, yonena kuti pano sipanachitikepo ngozi. Ndi zoona ndithu. Palibe anagwapo padenga, palibe anatulukapo magazi. Ife timavulala mwaulemu, pang'onopang'ono, osadetsa kapeti. Pakamwa amamwa mapiritsi a msana ngati maswiti, koma amamwera kuchimbudzi kuti satifiketiyo isamuone.

Sindikupempha mpando wotsika ndi kukwera ngati wanu uja. Ndikudziwa kuti mipando yotero imafuna msana waudindo. Sindikupemphanso kuti kalipentala abwerere adzadule miyendo ya desiki, ngakhale Pakamwa akuti macheka ali nawo kunyumba ndipo Loweruka amakhala alibe zochita. Sindinganene n'komwe kuti mudzayesere kukhala tsiku lathunthu pa tebulo loyezedwa pa ine, mawondo ali kumakutu. Ndingayambire pati, ine munthu wapansi pa masitepe?

Ndikupempha katoni yanga basi. Ndi yofiirira, yophwanyika ngodya imodzi, pamwamba pali madindo a nsapato zazing'ono. Ngati ikuchititsa manyazi, ndiikuta ndi pepala lokongola, ndimatepo ndi chizindikiro cha kampani, alendo aziyesa kuti ndi nzeru zanu. Piloyo mutha kumusunga, ndamva kuti amakuthandizani mukatha kudya masana.

Mukaona kuti n'kosatheka, ndimvetsa. Ndingopempha kuti tsiku lina mudzapatukire kunyumba, mudzamufotokozere mwanayo nkhani ya kusintha maganizo, poti ine mawu andithera. Akakweza timanja, mudzamunyamule ndinu. Manja anu ndi athanzi, anayezedwa bwino.

Pepani siginecha yokhotakhotayi, ndasaina ndi lamanzere. Lamanja ndikulisungira ntchito yanu ya mawa.

Ine wanu wodzichepetsa, mwa mtima ndi mwa msinkhu,

Mayi wa pa desiki yakukona