Msana wa mkamwini

Lolemba
Msana ukuwawabe. Loweluka kuli dima kumunda kwa apongozi, ndipo woyamba mzele ndi mkamwini. Mkamwiniyo ndine. Apongozi aamuna auza mkazi wanga Tisa kuti munthu wongoyenda atagwila m'chiuno abwelele kwao ku Nyimba.
Ndapalasa njinga mpaka ku Petauke kukafuna mankhwala opaka. Mmwenye wa sitolo, m'malo mwa botolo, wanditulutsila chithunzi cha munthu wopanda khungu, minofu yokhayokha. Akuti vuto si msana ayi, ndi minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, yauma ndipo ikukoka chiuno. Wandionetsa mapindidwe a thupi a kwao, akuti yoga. Chithunzi chija chikundiopsabe.

Lachiwili
M'mawa, kuseli kwa nkhokwe. Zoyenela kukumbuka:
manja ndi mapazi pansi, matako kumwamba
kupuma ndi mphuno, pang'onopang'ono
kukawawa molasa, kuleka
asandione munthu
Minofu ikukoka pomwe paja ananena Mmwenye! Koma nanga magazi akatsikila kumutu n'kukana kubwelela? Wandiona ndi tambala yekha.

Lachitatu
Ndawelama n'kutola khasu osabuula!
Tisa wandipeza kunkhokwe. Akufunsa chimene ndataya. Ndamufotokozela za ntchafu, waseka mpaka kukhala pansi. Walumbila kuti sauza munthu. Masana amayi opita kuchitsime akundipatsa moni atagwila pakamwa.

Lachinayi
Chikwatile sindinayang'anepo apongozi aakazi kumaso. Tikakumana panjila ndimapatukila kuthengo, monga mwa mwambo. Lelo abwela kunkhokwe kudzatapa chimanga, ine ndili chiwelamile. Tayang'anana maso ndi maso, kudzela pakati pa miyendo yanga. Iwo angoti, "Mayo ine," lichelo lili pansi. Ine kudzuka, kulumpha mpanda wa khola la mbuzi, liwilo mpaka kudambo.
Kudamboko ndiye ndazindikila. Ndalumpha mpanda! Ine! Msana uli zii!

Lachisanu
Amuna apansi pa mtengo aleka kukangana za boma la Chitaganya, nkhani ndi ine. Ena akuti ndalowa mpingo watsopano, ena akuti ndimaphunzila kuuluka. Ndatuma Tisa ndi nkhuku yopepesela kwa amake. Palibe yankho. Apongozi aamuna angoti, "Tiona mailo Loweluka kumunda."
Zimene ndikuopa: kupitikitsidwa, msana kubwelela, nkhuku kubwezedwa, zonse zitatu pamodzi.
Ndapindikabe, koma kudambo. Zala zafika ku akakolo!

Loweluka
Dima! Ndapinda mawondo pang'ono, msana woongoka, mimba yolimba, monga ananenela Mmwenye. Mzele woyamba ndafika kumapeto ndekha. Wachiwili chimodzimodzi. Alamu anga, amene amanditcha nkhalamba, atsala pakati pa munda akupuma ngati agalu. Dzuwa lafika pamutu ine ndikuimbabe. Apongozi aamuna andipatsa chipanda choyamba cha mowa pamaso pa onse, n'kunena kuti, "Uyu sapita kulikonse."
Sindipita ku Nyimba! Ndikufunabe kudziwa ngati kuwawa kukudikila Lolemba.

Sondo
Nkhuku yalandilidwa. Apongozi aamuna akuti msana wotele suyenela kukhala chabe, andipatsa munda wa zitsa wa kumtunda kuti ndizule ndekha. Chabwino.
Tabwela kutchalitchi, Tisa akuti amake chiuno chawavuta zaka zambili, akufuna ndiwaphunzitse. Kukana sindingathe, kuwayang'ana sindingathe. Tsono iwo ali pamphasa kutsogolo kwa nyumba, ine ndaima kuseli, nkhope kuchipupa, Tisa akuthamanga uku ndi uku ndi mau. Za manja zapita bwino, za mapazi bwino, za kupuma bwino. Tafika pa chiwalo chimene mkamwini sangatchule.
Ndangoti, "Auze akweze chimene anaona Lachinayi."
Apongozi aakazi akuti tizichita m'mawa uliwonse.