Tsiku limene bwana anandimeta

Nkhani iyi anzanga a ku Mansoura, ku Qatar, amaiwonjezera mchere, ndiye bola ndiinene ndekha, poti manyazi ake ndi anga.

Nthawi ya corona ndinali dalaivala wa injiniya wina wa ku Spain, m'dera la Nuaija ku Qatar komweko. Chisipanishi changa chinali mawu awiri basi, koma ndinkayenda nacho modzimva: "como quiera", mmene mungafunire, ndi "me da igual", zonse n'chimodzimodzi kwa ine. Mwana woleredwa ku Mangochi sauza wamkulu chochita, choncho mawuwa anandikwana bwino.

Ma barbershop anali otseka. Tsitsi langa linali tchire, pomwe Lachisanu amalume ake a Asiyatu, chibwenzi changa, amafuna kundiona koyamba pa video call. Iwowo akakana, ukwati palibe.

Bwana anali atangogula makina ometera. Anandikhazika pampando m'galaja, iwo atavala mask.

"Yusufu, how do you want it?"

Mumtima ndinkafuna kametedwe kabwinobwino ka fade. Pakamwa panatuluka: "Como quiera, señor!"

Kwathu ukayankha choncho amakufunsanso kawiri katatu mpaka unene zoona. Bwana anangoti "Perfecto!" makina n'kuyamba kulira.

"Shorter here?"

"Me da igual!"

Mbali imodzi inapita. Poyesa kufananitsa, inayo inapitirira. Anabwereranso koyamba kuja.

"A line, like the footballers?"

Misozi inali italengeza, koma ulemu sunandichoke. "Como quiera..."

Mzerewo unayambira pachipumi, n'kukhota, n'kukathera kuseri kwa khutu. Pamwamba panatsala katsitsi kali njo ngati ka chinanazi. Ndisanalimbe mtima kupempha mpala, makina ananunkha utsi n'kuzimiratu.

Lachisanu ndinavala chipewa. Call italowa, ndinaona mudzi wonse wapanikizana pafoni.

"Salaam aleikum, amalume."

"Waleikum salaam. Kodi ku Qatar akuluakulu mumalankhula nawo chipewa chili kumutu?"

Ndinavula.

Kenaka amalume anabweretsa diso pafupi ndi foni.

"Pepani, mwana wanga. Sitimadziwa kuti matendawa amayambira kumutu."

"Ayi, amalume, ndili bwinobwino. Ndi style chabe!"

"Ndiye munachita kusankha?"

Anatembenukira kwa Asiyatu. "Iwe, munthu umanena uja ndi yemweyu?"

Asiyatu anali atagwira nthiti ndi kuseka. "Munthuyo ndi yemweyo, amalume. Koma mutuwo ndiuganizire kaye!"

Ulemu ndi wabwino, abale, koma makina akafika pamutu pako, lankhulako.