Gwape wa Biolojiya

Lolemba

Aprofesori a Biolojiya atiwonetsa kanema pa telefoni yawo. Nkhalango pakati pa mzinda, mpanda kuzungulira, mkati mbidzi ndi agwape, kuseri magalimoto akungodutsa. Ati anthu amalowamo kukangoyang'ana. Kungoyang'ana! Kalasi yonse phwete. Wina kumbuyo: "Nanga ndiwo amadya chiyani?"

Ntchito yake: aliyense apeze nyama yakutchire, yamoyo, aiyang'ane sabata yonse, alembe zimene imachita. Kupereka Lolemba likubwerali. Nota yanga ya Biolojiya, malikisi aja, ili kale pansi. Iyi ikandikanika ndibwereza kalasi, ndikakhale benchi imodzi ndi mng'ono wanga.

Ena akuti alemba za mbewa ali gone pamphasa. Ine ndichita zenizeni. Nafenso pa vila pano, katauni kathu kano, nkhalango tili nayo: kumanda, kuseri kwa munda wa amalume. Kwina konse mitengo inapita ku makala.

Lachiwiri

Kumanda munthu salowa popanda maliro. Ndakhala pachulu, kunja, m'malire a munda.

Zimene ndaona:
mbuzi (si yakutchire)
linthumbu (layamba ndi ilo kundiona)
pulasitiki yakuda pa nthambi, imene ndataya nayo nthawi ndikuyesa kadzidzi
amayi awiri ochokera kumjigo. Aima, zidebe pamutu, kundiyang'ana osaphethira. Kapena iwonso ali ndi ntchito ya Biolojiya.

Lachitatu

Gwape!

Dzuwa litapendeka, akutuluka m'mitengo ya kumanda. Mwendo umodzi m'mwamba, kuganiza kaye asanaponde. Makutu, lili lonse likutembenukira kwake. Mphuno yonyowa. Akubudula nsonga za khobwe wa amalume, zanthete zokhazokha, ngati munthu wosankha pamsika. Udzudzu uli pakhosi panga, ndaulola umwe.

Sindiuza munthu. Ngakhale galu.

Lachinayi

Amayi andidikira pakhomo, manja m'chiuno. "Iwe, pachigayo akuti umakhala kumanda wekhawekha ndi kaderno, kabuku kako kolembamo kaja. Ukulemba mayina a ndani?"

Mayina! Ati mnyamata wosacheza ndi anzake, wongoyang'ana anthu, tsopano zadziwika. Ati gogo wina wayamba kutsokomola chifukwa ndinamupatsa moni dzana.

Ndingatani? Ufiti kapena gwape. Ndanena: "Ndi gwape, amayi, wa kushikola."

Pakhonde amalume amapopa njinga. Pampu yaima.

"Gwape? M'khobwe mwanga?"

Lachisanu

Ndawafotokozera amalume pang'onopang'ono: wamoyo, osamukhudza, kungoyang'ana basi. "Ndamva, mphwanga. Kuyang'ana." Akugwedeza mutu ngati ali m'tchalitchi.

Pachulu lero tilipo:
ine
amalume
ana atatu a malegeni amene sindikuwadziwa
galu
wa mota wina amene wazimitsa injini ya njinga yake yamoto kuti afunse ngati kwagwa maliro

Gwape sanabwere. Ndikanakhala iye nanenso sindikanabwera.

Pobwerera amalume andimvera chisoni. "Ukamuonera patali chonchi ulemba chiyani? Akupatsa ziro aprofesoriwo."

Njinga yawo ilibe waya wa mabuleki. Dzulo unalipo. Waya umenewo ndikuudziwa ntchito yake ina.

Loweruka

Ndalawirira kumunda kukasaka msampha. Mzere ndi mzere, mame mpaka m'mawondo. Palibe! Amayi atuma mng'ono wanga kudzanditenga: chimanga chipite kuchigayo, ndipo ndichinyamule ndine, anthu andione ndikugwira ntchito ya anthu.

Kuchigayo mzere. Dizilo watha. Kudikira.

Ndikufika kunyumba madzulo, bwalo ladzaza. Pakati, pa thumba, gwape wanga. Waya m'khosi.

Amalume nkhope yawala. "Nayu! Wavutika sabata yonse. Tsopano muyang'ane bwinobwino, sathawanso. Uwerenge ndi mano omwe." Kenako, kwa anthu: "Kumanda sindinaponde ayi, ndamutchera kunja. Mwambo ndimaudziwa."

Andiikira mpando. Andibweretsera kaderno. Mpeni uli m'manja, koma palibe wosenda mpaka mwana wa shikola amalize kulemba. Onse maso pa ine, kundilemekeza.

Makutu aja agona mbali imodzi.

"Fulumirako," atero amayi. "Ntchentche."

Lamulungu

Kutchalitchi amayi a zidebe aja andipatsa moni ndi manja awiri. Sindinenso mfiti, ndine mlenje. Gogo uja wachira.

Ndinati nyama ya gwape wanga sindidya. Ndadya pang'ono.

Ntchito yanga yonse ndi iyi: Lachitatu gwape amadya khobwe. Masiku ena sachita kanthu. Ndayesa kutalikitsa za makutu, zakwana tsamba limodzi, ndipo ndalemba zilembo zazikuluzikulu.

Amalume akulunga mwendo umodzi m'masamba a nthochi. Wa aprofesori. Ati ndikapereke mawa pamodzi ndi kaderno, ndi manja awiri.

Ndikuyang'ana tsamba langa. Ndikuyang'ana phukusilo. Pa ziwirizi, ndikudziwa chimene chikakhoze Biolojiya.