Mphepo ya ku Zanzibar Sichotsera

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota ndapita kukalonjerera mdzukulu wanga. Paja mkamwini wanga Makame adatenga Dolika wanga kupita naye kwawo ku Zanzibar, nalonjeza kuti mwana akabadwa adzabwera naye ndimuone. Mwanayo pano akuyenda. Ine ndimangomumva kulira pafoni.

Ndiye ndikuti ndizungulire kuseri kwa bafa, ndangopezeka m'kanjira kopanikiza, nyumba zamiyala uku ndi uku, dengu langa likukhula makoma onse awiri. Fungo lake ngati tiyi wa Amwenye. Ndiye padoko bwana wa yunifolomu yoyera akuti, "Mayi, chiphaso." Ndamupatsa khadi la kusikelo la Dolika. Mwadzidzidzi wasanduka nkhanu, wadinda khadilo ndi dzanja lake lalikululo, wachoka cham'mbali.

Ndiye ngalawa yathanga, nkhalamba yeniyeni, yandipatsa moni.

"Kwanu ndikukudziwa," ikutero. "Ndidanyamula minyanga yanu. Ndidanyamulanso anthu anu ali m'magoli."

"Udabwezako angati?"

Yayang'ana kumbali, thanga lili lende.

"Basi, lero ubweza awiri. Konzeka."

"Mphepo ikulowera kwina, mayi. Idzatembenuka ikatha miyezi isanu ndi umodzi."

"Itatu."

"Aluya adadikira, Amwenye adadikira, Apwitikizi adadikira."

"Inayi, ndiikapo ndi nkhuku."

"Mphepo sichotsera."

Ndiye ndaisiya, ndakagogoda pachitseko chachikulu chosemedwa maluwa, chodzaza misomali yamkuwa yosongoka. Chitseko chikuti, "Misomaliyi ndi yobweza njovu." Ine ndati, "Njovu ndi amako, ine ndine mpongozi." Chatseguka chokha, mbali imodzi.

M'katimo Dolika ali pamkeka, manja olembedwa maluwa, akupala kokonati. Mwana ali pambali pake, nsidze zopakidwa zakuda. Ndamunyamula. Wolemera bwino, anzanga, mphuno ya malemu amuna anga yeniyeni. Akundiyankhula Chiswahili, ine osatolapo kanthu, koma khutu langa waligwira osalisiya.

"Iwe, longedza," ndatero.

Dolika osadzuka n'komwe. "Amayi, sitibwera. Kwathu ndi kuno tsopano. Inu miyendo muli nayo."

Ndimati ndimuyankhe mawu oti adzafe nawo, koma mwana anali atagona paphewa panga. Ndiye ndangokhala pansi, madzi a m'nyanja akulowa m'nyumbamo pang'onopang'ono, ofunda, mpaka mu akakolo.

Mwadzidzidzi maso anga tong'o, kunja kwacha, kondakitala wa basi yolowera ku Tanzania akukuwa pamsewu: "Karonga, boda! Karonga, boda! Watsala mmodzi!"